Chambo chake chiti? Lekani kunyoza mayina a sayansi

Pali kachizolowezi koipa kamene kamera mizu pakati pathu, ndipo lero ndati ndikadzudzule poyera. Munthu akangotchula dzina la sayansi la mtengo, la nsomba kapena la kachilombo, anthu amayamba kukodolana n'kumaseka. Ena amati ndi matama a anthu ophunzira. Ena amati ndi mayina othyola lilime, ongozunzira ana pa mayeso a Fomu 4. Ndiye pali gulu lachitatu, lomwe limandipsetsa mtima koposa chifukwa ndi la anthu amene sukulu adapitako ndithu. Awa amatukula mapewa n'kumalalikira kuti mayina a Chilatini ndi goli la atsamunda, tiwataye, makolo athu adali ndi mayina awoawo. Akatero anthu amawaombera m'manja ngati anena zakupsa.

Ine sindiomba nawo m'manja. Kunyoza mayina a sayansi ndi umbuli, ndipo ndi umbuli wokwera mtengo. Umaphetsa odwala m'chipatala, umathetsa mbewu m'munda, umapulumutsa mbava pabwalo la milandu, ndipo umachititsa kuti chuma cha dziko lino chizitha ife tili chikhalire, tikuyesa kuti chidakalipo.

Tiyambe ndi ndiwo imene timainyadira tonse. Pitani pamsika uliwonse, kaya ku Limbe, kaya ku Lilongwe, kaya pa Mangochi, mukafunse chambo. Wogulitsa awaza madzi pa nsomba zake kuti zinyezimire, n'kukulumbirirani kuti ndi chambo chenicheni cha m'nyanja, chafika m'mawa womwewo. Funso limene simufunsa ndi lakuti, chambo chake chiti? Pakuti chambo si nsomba ya mtundu umodzi. Dzina limeneli lafungatira mitundu itatu imene kwawo ndi nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Mitunduyi imasiyana malo amene imakonda kukhala, nyengo yoswana ngakhalenso maonekedwe. Yaimuna ya squamipinnis ikafika nyengo yoswana mutu wake umayera, pamene ya karongae imada bii thupi lonse.

Mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limasunga ndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, lidaika mitundu itatu yonseyi pa mlingo wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Za lidole akatswiri akuopa kuti mwina idatha kale. Imani kaye pamenepo. Mtundu wathunthu wa nsomba, umene agogo athu ankadyera nsima, ungakhale utafafanizika ife tikuona, popanda wolira maliro, chifukwa tsiku lililonse pamsika pankapezeka kanthu kotchedwa chambo. Mlembi wa pa doko akamangolemba m'kaundula kuti chambo makilogalamu akutiakuti, sangaone kuti mwa mitundu itatu umodzi wasiya kubwera m'khoka. Amene adaona ndi aja ankatenga nsomba imodziimodzi, kuiyeza mutu, kuyang'ana mano ake a kummero, n'kulemba dzina lake lenileni. Anthu amene mumawaseka aja.

Pa thebulo lomwelo pamagonanso makumba, Oreochromis shiranus, amene ogula ambiri a m'tauni amanyamula akuyesa chambo. Zimenezo n'zochepa, poti makumba ndi athu omwe. Choopsa ndi Oreochromis niloticus, nsomba ya ku mtsinje wa Nile imene alimi a nsomba m'mayiko ambiri amaikonda chifukwa imakula msanga. Ikalowa m'madzi a eni ake imalanda malo ndi chakudya, n'kumaswana ndi mitundu ya komweko mpaka mtundu weniweni kusungunuka. Ku nyanja ya Kariba yapanikiza Oreochromis mortimeri moti nayo ili pa mlingo wa zotsala pang'ono kutha. Ofufuza adaipeza kale ku Tanzania, m'dera limene madzi ake amatsikira m'nyanja yathu. Kwa diso la munthu wamba zonsezi ndi chambo basi. Wogwira ntchito pachipata cha dziko amene sadziwa kusiyanitsa niloticus ndi karongae adzalola timwana ta nsombazi kulowa akumwetulira, ndipo madzi akatayika saoleka.

Nanga mayinawa adachokera kuti? Azungu nawonso adali m'chipwirikiti chomwechi. Chomera chimodzi chinkakhala ndi mayina ambirimbiri malinga ndi dziko ndi dera, ndipo ophunzira akafuna kuchitchula ankalemba chiganizo chathunthu cha Chilatini, aliyense chakechake. Amene adakonza zinthu ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Uppsala. M'buku lake la zomera la Species Plantarum la 1753, ndi m'buku la Systema Naturae monga lidasindikizidwira kachikhumi mu 1758, adapatsa chamoyo chilichonse dzina la mawu awiri okha. Mawu oyamba ali ngati chiwongo, achiwiri ngati dzina lakelake la munthu. A Phiri ndi ambirimbiri m'dziko muno, ndipo munthu wanzeru potumiza ndalama sangolemba kuti zipite kwa a Phiri. Oreochromis ndi chiwongo, karongae ndi mwini ndalama.

Mphamvu ya mayinawa siili m'Chilatinimo ayi, ili m'malamulo amene amawamanga. Munthu sangodzuka n'kutcha dzina. Ayenera kufotokoza molemba chimene chikusiyanitsa chamoyocho ndi abale ake, asindikize poti aliyense angawerenge, ndipo asunge chitsanzo chenicheni, kaya ndi nsomba ya m'botolo kaya ndi nthambi youma yomatidwa pa pepala, kuti wokayika apite akadzionere yekha ngakhale patapita zaka 200. Mtundu umodzi, dzina limodzi lovomerezeka. Awiri akatcha chinthu chimodzi mayina osiyana, kawirikawiri la amene adayamba ndi limene limaima. Ndi dzina liti la kumudzi limene lili ndi umboni wotere kumbuyo kwake?

Ndipo amene amati ichi ndi Chingerezi angoonetsa kuti sadaliyang'ane n'komwe dzinalo. Mngelezi naye lilime limamuthyoka. Chilatini chidali chilankhulo cha ophunzira a ku Ulaya nthawi ya Linnaeus, koma lero palibe mtundu wa anthu umene umachilankhula pakhomo, choncho sichisinthasintha ndipo palibe dziko lingati n'changa. Katswiri wa ku Beijing, wa ku Tokyo, wa ku Moscow ndi wa ku Addis Ababa, aliyense ali ndi zilembo zakezake, koma akafika pa chimanga onse amalemba Zea mays. Kodi Atchaina ataya Chitchaina chifukwa cha zimenezo? Kodi Aitiyopiya, amene sadagonjere atsamunda ku Adwa, asenza goli? Ifeyo ndiye ochenjera kuposa onsewa?

Tilowe m'munda tsopano. Kumayambiriro kwa 2017 alimi adayamba kudandaula kuti mbozi zikuboola chimanga. Ena adati ndi kapuchi. Ena adati ndi ntchemberezandonda zija tidazizolowera, zobwera chigulu, kudya masamba poyera, n'kupita. Sizidali zimenezo. Ntchemberezandonda zathu zakale ndi Spodoptera exempta. Mlendoyu adali Spodoptera frugiperda, wochokera ku America, amene adaoneka koyamba mu Africa cha ku Nigeria mu 2016. Ameneyu amabisala mkati mwa nsonga ya chimanga, amadya usiku, amasiya ndowe zonga utuchi, ndipo akafika wafika. Pamutu pake pali chizindikiro cha Y wozondoka, chakumchira madontho anayi akuda. Pofika Disembala 2017, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi.

Dzina lothyola lilime lija ndi limene lidatilozera kwa anthu amene nkhondoyi adaimenya kale. Mlangizi akalemba Spodoptera frugiperda pa intaneti amapeza zimene alimi ndi akatswiri a ku Brazil, Mexico ndi United States adaphunzira pa zaka zambirimbiri: mankhwala amene mboziyi idawazolowera, adani ake achilengedwe, ndi fungo loyenera kuika mu msampha wokolera agulugufe ake, pakuti fungo lokopa exempta ndi lina, la frugiperda ndi lina. Nanga akalemba kuti mbozi, apeza chiyani?

Nkhani ya kodikodi ndiye iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu iliyonse. Kachilombo koyera ngati ufa aka, kamene kamayamwa nsonga za chinangwa mpaka masamba kufota n'kukhwinyata, kadaoneka mu 1973 kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville, n'kufalikira Africa yonse kumene kumalimidwa chinangwa. M'minda ina zokolola zinkatsika ndi magawo 80 pa 100 alionse. Pakati pa zaka za m'ma 1980 kadafika ku Nkhata Bay, kumene kondowole ndiye chakudya, ndipo anthu adaona njala yosaiwalika. Kachilomboka kadalandira dzina mu 1977, Phenacoccus manihoti. Poti chinangwa kwawo ndi ku South America, akatswiri adapita kumeneko kukasaka mdani wake wachilengedwe. Chakumpoto kwa chigawocho adapeza kodikodi wooneka chimodzimodzi, adatola adani ake, koma adaniwo atapatsidwa kodikodi wa ku Africa sadachite kanthu. Nthawi inkapita, minda inkauma.

Chidavuta n'chiyani? Adali akusaka mdani wa kachilombo kena. Mu 1981 akatswiri awiri oona za mayina a tizilombo, Jennifer Cox ndi Douglas Williams, adaonetsa kuti kodikodi wa kumpoto uja ndi mtundu wina, n'kumutcha Phenacoccus herreni. Manihoti weniweni adapezeka kutali kummwera, ku Paraguay, ndipo kumeneko kudapezekanso timavu ting'onoting'ono, Anagyrus lopezi, timene timaikira mazira m'thupi mwa kodikodi. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA, motsogozedwa pa ntchitoyi ndi Hans Herren, lidatiweta n'kutimwaza kuyambira ku Nigeria mpaka mayiko ambiri, Malawi yemwe. Kodikodi adagonja popanda mlimi kugula botolo la mankhwala, ndipo Herren adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Pakati pa njala ndi kukhuta kwa anthu mamiliyoni padali mawu awiri, herreni ndi manihoti. Kauzeni mayi wa ku Chintheche amene adaona chinangwa chake chikuuma kuti amenewo ndi matama a ophunzira.

Kuchipatala nkhani yake ndi ya maliro. Ku Brussels, likulu la Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chipatala china chothandiza anthu kuchepetsa thupi chinkapereka makapisozi osakaniza ndi zitsamba za ku China. Chitsamba chimene chinkafunika chidali Stephania tetrandra. Chimene chidalowa m'makapisozimo chidali Aristolochia fangchi, chomwe chili ndi poizoni wowononga impso. Pa Chitchaina mayina a zitsamba ziwirizi ndi oyandikana kwambiri, onse ali ndi mawu akuti fang ji. Anthu oposa 100, pafupifupi onse amayi, adawonongeka impso, ambiri mpaka kudalira makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina, ndipo ena adadwala khansa ya m'njira ya mkodzo.

Musati za ku Ulaya izo. Kwathu kuno mwanamphepo, amene amayi ena oyembekezera amamwa kuti achire msanga, si chomera chimodzi. Ofufuza apeza kuti dzinali limatchulidwa pa zomera zingapo zosiyana, malinga ndi dera ndi munthu wokumba. Mayi akafika kuchipatala ali kayakaya, achibale n'kuulula kuti wamwa mwanamphepo, namwino adziwa bwanji chimene chili m'mimbamo ndi mphamvu yake? Nanga mabotolo a mankhwala azitsamba amene akulalikidwa m'mabasi ndi m'misika, olembedwa dzina la kumudzi lokha kapena dzina lopeka lokometsera malonda? Wogula akumeza chinthu chimene ngakhale wogulitsa sangachilozere m'tchire. Safunsa adadya phula. Ine nzeru za asing'anga athu sindizipeputsa. Koma mtengo umene sing'anga wa ku Ntchisi amachiritsira ukalembedwa ndi dzina la sayansi, ungayezedwe, mlingo wake ungadziwike, ndipo kampani ya kunja ikadzaupanga mapiritsi tidzakhala ndi umboni wakuti udachokera kwathu.

Ku Ghana, chipatala china cha kumudzi chidasintha mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka, n'kuyamba kugwiritsa ntchito otsika mtengo opangidwa ku India. Njoka imene imaluma anthu kwambiri kumeneko ndi Echis ocellatus. Mankhwala atsopanowo adapangidwa ndi ululu wa Echis carinatus ya ku India. Chiwongo chimodzi, maonekedwe ofanana, koma ululu wosiyana. Lipoti limene lidatuluka mu 2008 lidaonetsa kuti akufa adakwera kuchoka pa anthu osakwana 2 kufika pa 12 mwa 100 alionse olumidwa. Aliyense wogula mankhwala a boma amene amaona dzina la Chilatini pa botolo ngati chokongoletsera awerenge nambala zimenezo kawiri. Ndi udzudzu n'chimodzimodzi. Anopheles funestus wa ku Chikwawa ndi ku Nkhotakota adazolowera mankhwala ena a m'maneti, Anopheles arabiensis amaluma ndi ng'ombe zomwe ndipo amakonda panja, pamene Anopheles stephensi, amene adafika ku Djibouti mu 2012 ndi ku Kenya mu 2022, amaswana m'mathanki a madzi m'tauni. Nkhondo ya malungo imene mdani wake angotchedwa udzudzu ndi nkhondo yoponya mivi mumdima.

Tibwere ku malamulo. Mu Ogasiti 2019, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Geneva, dziko la Malawi lidapempha kuti malonda a pakati pa mayiko a mitengo iwiri aziyang'aniridwa, ndipo mayiko adavomereza. M'chikalatacho mudalembedwa Pterocarpus tinctorius ndi Widdringtonia whytei, ndiye kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje. Wapadoko wa ku Beira, wa ku Dar es Salaam kapena wa ku Shanghai sadziwa mukula, sadziwa mkungudza. Amadziwa dzina limene lili pa ndandanda. Ozembetsa matabwa amadziwa bwino lomwe kuti chisokonezo cha mayina ndi ndalama, n'chifukwa chake amalemba dzina la mtengo wina wofanana nawo pa zikalata. Pofuna kutseka mpata umenewu, msonkhano wa ku Panama mu 2022 udaika pa ndandanda mitundu yonse ya ku Africa ya Pterocarpus, Afzelia ndi Khaya, kutanthauza kuti mlombwa, msambamfumu ndi mbawa zidalowa nawo. Mbava zimawerenga Chilatini, ife eni mitengo tili kalikiliki kuchiseka.

Mkungudza womwewo uli ndi phunziro lake. Pa phiri la Mulanje pali mitundu iwiri ya Widdringtonia. Nodiflora ndi wamfupi, ukapsa umaphukanso patsinde, ndipo umapezeka mpaka ku South Africa. Whytei ndi uja wamtali, wa matabwa onunkhira osadyedwa ndi chiswe, umene moto ukaupha wapha, ndipo mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha. Kwa zaka zambiri mabuku adaiphatikiza ngati mtundu umodzi, mpaka mu 1997 pamene Anton Pauw ndi Peter Linder adaonetsa kuti ndi iwiri. Mtengo ukamawerengedwa pamodzi ndi m'bale wake wopezeka paliponse, ndani angaimbe belu kuti ukutha? Uwu ndi mtengo wa fuko, umene udalandira ulemu umenewu mu 1984, koma kalembera wa 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Amene akudzala mbande lero ayenera kutsimikiza kuti mbewu ili m'manja mwawo ndi whytei, apo ayi adzadzaza phiri ndi mtengo wolakwika.

Tsono aja a goli la atsamunda ndiwapatse chawo, pakuti pali pamene akulasa. Linnaeus yemweyo, ngakhale adaika anthu onse mu mtundu umodzi wa Homo sapiens, adawagawa m'magulu n'kulemba zonyoza za anthu akuda. Masuku athu ndi Uapaca kirkiana, kukumbukira John Kirk amene adayenda ndi David Livingstone, ngati kuti ana a ku Dedza adadikira Kirk kuti ayambe kutola masuku. Msangu, umene umatipatsa chonde m'munda, ndi Faidherbia albida, dzina la Louis Faidherbe, msilikali wa ku France amene adalamulira Senegal ndi mfuti. Ku Slovenia kuli kachikumbu kakhungu ka m'mapanga kamene kadatchedwa Anophthalmus hitleri mu 1937, ndipo dzinalo likadalipo. Pa misonkhano ya akatswiri a zomera ya ku Vienna mu 2005 ndi ku Melbourne mu 2011, dzina la Acacia lidapatsidwa mitengo ya ku Australia, yathu ya minga n'kusanduka Vachellia ndi Senegalia, akatswiri ambiri a ku Africa akukana. Zonsezi n'zoona ndipo n'zowawa.

Koma mankhwala ake si kuthawa. Wosapita kubwalo asadandaule ndi chigamulo. Mu Julayi 2024, pa msonkhano wa akatswiri a zomera ku Madrid, pempho la Gideon Smith ndi Estrela Figueiredo a ku South Africa lidapambana ndi mavoti 351 kwa 205, ndipo mayina oposa 200 okhala ndi mawu akuti caffra, ochokera ku chitukwano chimene azungu ankanyozera anthu akuda kummwera kwa Africa, adasinthidwa kukhala afra. Mfula wathu ali m'gulu limenelo. Njati idakali Syncerus caffer chifukwa a zanyama ali ndi malamulo awoawo ndipo sadasunthe. Adzawasuntha ndani? Amene adzaphunzire malamulowo n'kukaima pabwalo, osati amene akutukwana ali pa Facebook.

Ndipo khomo silidatsekedwe. Dzina la sayansi lingachokere ku chilankhulo chilichonse. Lidole ndi dzina limene Ethelwynn Trewavas adalitenga kwa anthu a kunyanja mu 1941. M'nyanja yathu muli nsomba za chiwongo cha Mchenga ndi za chiwongo cha Chindongo. Nadzikambe wa pa Mulanje amadziwika padziko lonse kuti Nadzikambia mlanjensis. Katswiri wathu Elizabeth Gomani adali m'gulu limene lidatcha dzina la Malawisaurus mu 1993, ndipo mu 2005 iye mwini adatcha Karongasaurus, nyama zakalekale zimene mafupa ake adafukulidwa ku Karonga. Chichewa chalowa kale m'kaundula wa dziko lapansi. Chikuchepa chifukwa otcha mayina a kwathu ndi ochepa, basi.

Ena amadandaula kuti mayinawa amasinthasintha. Zoona, chambo chidali Tilapia chisanakhale Oreochromis, ndipo matemba a ku Chilwa adali Barbus asanakhale Enteromius. Koma dzina limasintha umboni watsopano ukaonetsa kuti ubale udalembedwa molakwika, ndipo lakale silitayidwa, limasungidwa m'kaundula kuti wowerenga buku la 1950 adziwe chimene chikunenedwa. Kukonza cholakwa poyera, ndi zifukwa zolembedwa, ndi chinthu chimene mabungwe athu ambiri akadatengerako phunziro.

Mlandu waukulu uli pa ife eni. Mwana amadana ndi mayinawa chifukwa cha mmene timawaphunzitsira. Amalembedwa pa bolodi, mwana aloweze, alembe mayeso, aiwale, osatulukako panja kukagwira tsamba la mtengo umene uli pa bwalo la sukulu pomwepo. Ndiye pali mabwana ena amene amaima pamaso pa alimi n'kumalavula Chilatini kuti aoneke ozama, osanena kuti akukamba za nankafumbwe. Amenewo akuipitsa chida chabwino, ndipo alimi akawaseka salakwa. Dzina la sayansi ntchito yake ndi kumveketsa, ndipo wolitchula kuti asokoneze anthu sadalimvetse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene tikukangana, mayina a makolo amene tikuti tikuwateteza akufa okha. Mwana wa ku Area 25 angatchule mitengo ingati ya m'tchire? Ambiri mwa mayina a Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi Chilomwe a zomera amene adasungika molembedwa ali m'mabuku monga la Jessie Williamson la 1955, la Blodwen Binns la 1972 ndi la Brian Morris la 1996, ndipo adasungika chifukwa adalembedwa pambali pa dzina la sayansi. Popanda kutero, mdzukulu wathu akadzamva dzina la mtengo m'nyimbo ya pamtondo sadzadziwa kuti udali mtengo uti. Mayina awiriwa si adani. La kumudzi limasenza mbiri, ntchito ndi mwambo wa chinthucho, la sayansi limachimangirira kuti chisasochere.

Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake UNESCO idalemekeza Lake Malawi National Park mu 1984. Kauniuni wa IUCN wa 2018 adakhudza mitundu 458, pamene ina mazanamazana ikusambira yopanda dzina. Yopanda dzina siilowa pa ndandanda, siilowa m'lamulo, ndipo ikatha palibe adzadziwe kuti idaliko. Ntchito yotcha mayinayi taisiyira alendo, zitsanzo zambiri zili m'mabotolo ku London ndi kwina, kenako tikudandaula kuti mayina ndi achilendo. Manyazi amenewo ndi athu.

Choncho pempho langa likupita kwa eni mphamvu. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, patsani ndalama zokwanira National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba ndi ofufuza za nsomba ku Monkey Bay. Mayunivesite athu, kuyambira ku Bunda, ku Zomba, ku Mzuzu mpaka ku Thyolo, sulani achinyamata odziwa kuzindikira ndi kutcha mayina a zamoyo, ndipo boma liwalembe ntchito. Oyang'anira mankhwala ndi miyezo ya malonda, lamulani kuti botolo lililonse la mankhwala azitsamba ndi paketi iliyonse ya nsomba zikhale ndi dzina la sayansi. Apolisi, a zipata ndi oweruza milandu aphunzitsidwe mayina a mitengo ndi nyama zimene lamulo limateteza. Aphunzitsi, tulutsani ana m'kalasi, mukhome chikwangwani pa mtengo uliwonse wa pasukulu, dzina la kumudzi pamwamba, la sayansi pansi pake, agogo a m'mudzimo atchule loyamba, inu mutchule lachiwiri.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Dziko limene silitha kutchula chuma chake molondola silingachiteteze pabwalo la milandu, silingachigulitse pa mtengo wake, ndipo silidziwa tsiku limene chatha. Lekani kuseka, phunzirani mayina onse awiri, ndipo muphunzitse ana anu.